Mizere Yofiira

Magetsi abwera mochedwa,
ndipo kompyuta ya Twaibu, ija yofufutika zilembo,
yandiwerengera mlandu:
magawo makumi awiri ndi atatu pa zana
akuti si anga.

Mizere yofiira yayala tsamba lonse
ngati mkodzo wa ana a ku Lulanga
omwe ndakhala ndikuwayeza likodzo zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndacheuka. Palibe wandiona.
Mnyamata wa kabaza akudikira fotokope ya chiphaso,
fani ikungotembenuza kutentha komweko,
koma kukhosi kwauma
ngati andigwira ndi nkhuku ya eni m'thumba.

"Ndakhala ndi chidwi chimenechi kuyambira ndili mwana."
Chiganizo ichi chafiira chonse.
Nanga ndani sanakhalepo mwana?
Chabwino, ndachifufuta. Linalinso bodza,
ndili mwana ndinkafuna kukhala kondakitala.

Koma ndime yachitatu.
Apa mpomwe pakundiluma.
Chaka chija Asiyatu anapeza malo a masitazi ku Blantyre
ananditumizira kalata yake pa foni:
ungoonako kayalidwe, usatolepo kanthu.
Ndinaiwerenga kanayi, n'kuifufuta.
Lero mawu ake atuluka m'zala zanga
atavala malaya anga, akuyenda kayendedwe kanga,
ndipo makinawa sanawafiiritse n'komwe
poti kalata ya Asiyatu sakuidziwa.
Woidziwa ndine.

Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.
Ndikuliona kale tebulo lalitali, anthu atatu a magalasi,
mmodzi akukweza pepala:
tatiuzani mayi, apa mumatanthauza chiyani?

Kumzikiti aitana, Twaibu akufuna kutseka.
"Tsiku lomaliza ndi mawa, eti?
Mungosintha mawu awiri atatu, onse amatero."
Ndalipira ya ola limodzi, ndatuluka.

Pa mlatho ndatsika njinga n'kuyenda wapansi.
Shire akudutsa osafunsa
kuti dontho ili lachokera mumtsinje uti.
Iye zimamukhala.
Sakufunsira malo ku yunivesite.

Kunyumba, ndi tochi ya foni ndi kope la kuntchito,
ndayamba pa tsamba loyera
kulemba zomwe Asiyatu sanaone:
mabotolo zana ndi makumi anayi pa benchi ya sitandade folo,
tsiku lomwe mankhwala anatha mzere usanafike pakati,
msewu wa ku Makanjira utadukanso mu Febuluwale,
ndi Yahaya, wa zaka khumi ndi chimodzi,
amene anandinyadira kuti akukodza magazi
poti anzake anamuuza kuti ndiko kukula.

Chingerezi chake chikutsimphina.
Koma ndikukudziwa kutsimphina kumeneku,
ndimayenda nako tsiku ndi tsiku.

Chiganizo chimodzi chokha chikuwala pa tsambalo,
ndipo nachonso si changa.
Anachinena Abiti Jafali akufinya chitenje pa dooko:
"Madzi amene atilera ndi omwewo akutidya m'kati."
Sanalembepo buku.
Pa fomu ya chilolezo anadinda chala.
Palibe makina amene angamupeze,
palibe wa magalasi amene angandifunse.

Ndakhala nacho nthawi yaitali, udzudzu ukundilira m'khutu.
Kenako ndachitsekera m'timikodolo tiwiri,
ndalemba dzina lake, mudzi wake, mwezi wa Ramadani chaka chatha.
Kabuku ka malamulo a kalembedwe
kamanena za mabuku, manyuzipepala, ngakhale wailesi,
koma sikanena katchulidwe ka mayi amene akuchapa.
Ndangoika momwe ndaonera.

Wani koloko.
Atsala mawu anayi mu ndime yachitatu
omwe ndawatembenuza uku ndi uku
osaona chizindikiro cha mwini.
Ndamulembera Asiyatu: uli maso?
Mawu awa ndi ako kapena anga?

Timizere tiwiri tabiriwira.
Akulemba.
Wasiya.
Akulembanso.